Ermete, Meya Wamwangozi wa ku Roccaventa

Kuno ku Roccaventa, munthu akafuna kunena kuti chinthu sichingatheke, ankati chidzachitika tsiku limene Ermete Colasante adzapambane mpikisano. Tinkanena pamaso pake penipeni, iye n'kumaseka nafe limodzi uku akupukuta girisi m'manja. Sikuti tinkamunyoza ayi. M'katauni kathu ka pamwamba pa phirika, Ermete ndiye yekha amene nkhope yake inaonekapo pa kanema, ndipo munthu wotere umamusereula kuti asaiwale kwawo.

Anabadwa mu 1955, mwana wachinayi wa bambo wophika buledi. Njinga sanaiphunzire ngati masewera, inali ntchito. M'mawa uliwonse ankatsika ndi dengu la buledi kukagulitsa kuchigwa, n'kubwerera ndi thumba la ufa, kukwera msewu wathu uja wa makona makumi atatu ndi imodzi. Tsiku lina, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, anapitirira anyamata a kalabu ya njinga ya kuchigwa amene ankakonzekera mpikisano pamsewu womwewo. Iwo anali ndi njinga zopepuka ngati nthenga, iye ali ndi ufa kumbuyo, ndipo akuti powadutsa anawapatsa moni mwaulemu. Mphunzitsi wawo anamulondola pagalimoto mpaka pakhomo.

Anakhala wampikisano weniweni, wolembedwa ntchito, zaka khumi ndi ziwiri. Koma udindo wake m'timu unali wa gregario, ndiye kuti wotumikira. Timu imakhala ndi anthu angapo, koma wofunika kupambana ndi mmodzi, kaputeni. Gregario amapalasa patsogolo kuti mphepo imenye iyeyo, kaputeni atabisala kumsana kwake. Amabwerera kugalimoto ya timu kukatenga mabotolo a madzi, kuwalowetsa m'malaya mpaka kuoneka ngati wa linunda, n'kuthamangiranso kutsogolo kukagawa. Tayala la kaputeni likaphulika, amazula lake n'kumupatsa, iye n'kutsala m'mbali mwa msewu atagwira njinga yolumala. Akayandikira kumapeto amapatuka, kaputeni n'kudutsa manja ali m'mwamba, maluwa ndi zithunzi zonse n'kukhala zake. Pa ntchito imeneyi Ermete analibe mnzake. Makaputeni ankachita kumulimbirana.

Kamodzi kokha mwayi unamusekerera. Unali mpikisano wina wa kumapiri a kumpoto, ndipo tauni yonse inali itadzazana kwa Gelsomina, komwe timamwera khofi, kuonera pa kanema. Kutatsala makilomita awiri, Ermete anali yekha patsogolo, enawo atatsalira kutali. Bambo ake anali atakwera pampando, wansembe akupemphera mokweza ngati denga likugwa. Ndiye tinaona munthu uja akucheuka. Anacheukanso kachiwiri, n'kusiya kupalasa, kudikira kaputeni wake amene ankabwera wefuwefu m'mbuyo. Anamukoka mpaka kumapeto, napatuka, kaputeni n'kupambana. Gelsomina anagenda kanema ndi kansalu kopukutira makapu. Atabwera kumudzi tinamufunsa chomwe chinamugwira miyendo, ndipo anayankha, akudabwa ndi funsolo, kuti palibe amene anamuuza kuti apitirire. Bambo ake anatha sabata osamulankhula, komabe buledi wamkulu ankamusungira iyeyo.

Anakwatira Delfina, mwana wa wogulitsa nyama, mkazi amene lilime lake limadula kuposa mipeni ya bambo ake. Mboni ya ukwati wawo anali Saverio Ranalli, mnzake wa pabenchi limodzi kusukulu, amene anapita kukaphunzira zamalamulo n'kubwerako ali a Loya, ndi chipewa ndi mawu atali. Kwathu kuno munthu amene wakuimira paukwati ndi compare wako mpaka imfa, ubale woposa wa magazi, pakuti wamagazi sumusankha.

Atasiya mpikisano anatsegula shopu yokonza njinga. Anaiwala kuti Roccaventa ndi masitepe okhaokha, ndipo njinga m'tauni monse zinalipo zisanu, zitatu mwa izo zake. Ndiye anayamba kugulitsa gasi wophikira. Silinda paphewa, masitepe makumi asanu ndi atatu mpaka kwa mayi wamasiye wa kumtunda, kumeneko kulumikiza, kununkhiza ngati sakutuluka, kukonzanso mpope wodontha poti wafika kale, kumwa khofi amene sangakanidwe, n'kutsika atatumidwa mankhwala. Zaka khumi ndi zisanu zinatha choncho. Panalibe khitchini m'tauni muno imene sankadziwa pomwe pamakhala shuga.

Ndale zinamupeza momwemo. A Loya ataima pa umeya mu 1999, anapeza gregario wokonzeka kale. Ermete anamata zithunzi zawo m'makoma, kunyamula mipando ya misonkhano, kukweza nkhalamba pagalimoto yake ya gasi kupita nazo kukavota. A Loya anapambana, ndipo tinene zoona, anayendetsa bwino tauni, kungoti akayamba kulankhula pa chikondwerero nyama inkazizira.

Vuto linabwera mu 2004, pa chisankho chotsatira. Mkulu wotsutsa, amene ankaima chisankho chilichonse n'kumagonja mokhulupirika, anasamukira kwa mwana wake ku Torino chifukwa cha nyamakazi. A Loya anatsala okha. Mungaganize kuti n'zabwino, koma lamulo linali lakuti woima akakhala mmodzi, chisankho chimagwira pokhapokha anthu oposa theka la a m'kaundula akavota. Tsono kaundula wathu anali ndi maina mazana asanu ndi anayi, oposa theka ali ku Belgium ndi ku Canada, anthu amene anachoka ali makanda ndipo Roccaventa amaidziwira pa kalendala. Ngakhale tikanadzutsa odwala onse, chiwerengero sichikanakwana. Ndipo chisankho chikalephereka, boma limatumiza munthu wake wongogwirizira, wochokera kutali, wobwera kawiri pa sabata kudzasaina mapepala n'kubwerera dzuwa lisanapendeke.

Chikanakhala chaka china tikanati abwere, tioneko nkhope yatsopano. Koma chaka chimenecho a zamaphunziro a kuchigawo anali atalemba kalata yoti sukulu yathu itsekedwe. Ana anali atatsala khumi ndi anayi, ndipo ankati kuyambira September azikwera basi kupita kuchigwa. Msonkhano womaliza wa nkhaniyi unali chapakati pa July, ndipo aliyense ankadziwa kuti wongogwirizira sangakakangane ndi anzake a boma chifukwa cha ana osawadziwa. Sukulu ikatsekedwa, mabanja achinyamata amatsata ana awo kuchigwa, otsala n'kumangoperekezana kumanda. Tinaziona kwa anansi athu a kutsidya.

Njira yozembera inalipo, ndipo matauni ang'onoang'ono onse amaidziwa. Umapeza mnzako wokhulupirika kuti aime ngati wopikisana nawe, wa dzina lokha. Oima akakhala awiri, za theka zija zimagwa, wochuluka mavoti ndiye wapambana basi. A Loya anatsikira kushopu ya gasi, navula chipewa.

"Compare, ndikufuna munthu woti agonje."

"Mwafika pakhomo loyenera," anayankha Delfina ali kuseri kwa masilinda, mwamuna wake asanatsegule n'komwe pakamwa.

Ermete anavomera ngati wapemphedwa machesi. Lamulo linkafuna kuti woima akhale ndi gulu la ofuna ukhansala, ndiye analemba amene anapezeka pafupi: Delfina, asuweni ake, wometa tsitsi, ndi mlamu wake wina woweta nkhosa amene anasaina poganiza kuti ndi pepala la katemera wa ziweto. Pankafunika chizindikiro, Delfina n'kujambula gudumu la njinga limene ambiri analiona ngati pitsa. Pankafunikanso malonjezo olembedwa. A Loya anali nawo masamba khumi ndi anayi, muli dziwe losambiramo ndi nyumba yosungiramo zakale. Ermete analemba mizere itatu: chogwirira pamasitepe a kutchalitchi, kuthira mchere pamsewu m'nyengo yozizira kuti madzi oundana asungunuke anthu asanayambe kuyenda, ndi kuti sukulu isatsekedwe. Anapepesa kwa mlembi wa khonsolo, mayi Iolanda Scarpone, kuti zina sizinamubwerere m'mutu.

Sindinaonepo munthu akudzikana mwakhama ngati Ermete pa kampeni imeneyo. Khomo lililonse limene anafikapo ndi silinda, ankakumbutsa eni ake kuti gudumu lija asaliyang'ane n'komwe, achonge pa a Loya. Zithunzi za a Loya anamata yekha, monga kale. Chake chimodzi, chimene lamulo linkafuna, anachimata mopendekera kuseri kwa zinyalala.

Koma mtima wa munthu ndi nkhani ina. Aliyense analowa m'kachipinda kovotera akudziwa kuti a Loya apambana ndi mavoti mazana anayi. Aliyense anayang'ana gudumu lija n'kuona Ermete pa tsiku lowerenga, dzina lake osatchulidwa ngakhale kamodzi, Delfina akumuseka mpaka Khirisimasi. Voti imodzi ingawapweteke chiyani a Loya? Inenso ndinaganiza choncho, ndipo ndinatuluka ndikudziona ngati munthu yekhayo wachifundo m'tauni yonse.

Anawerenga Lolemba masana, m'kalasi ya sukulu yomweyo, anthu atatsamira makoma. Dzina la Colasante litatuluka koyamba tinaomba m'manja, a Loya akuomba nafe mwaufumu. Litatuluka kakhumi tinaseka. Litafika makumi asanu kuseka kunachepa, aliyense akuyang'ana nsapato zake. Pofika zana limodzi m'kalasi munali zii, kumangomveka mapepala ndi mawu a wowerenga, Ranalli, Colasante, Colasante, Ranalli. Pamapeto Ranalli anapeza 203, Colasante 204. Anabwereza kawiri, koma mapepala sasintha maganizo.

A Loya anavala chipewa, nagwira chanza wowerenga, n'kupita kwawo osayang'ana munthu. Anatseka mawindo onse a nyumba yawo, pakati pa June, kutentha konse kuja.

Wopambanayo kunalibe. Anali atapita kukasiya gasi poganiza kuti zowerengazo sizikumukhudza. Anamupeza pakati pa masitepe a kumtunda, ndipo atamva nkhaniyo anatula silinda pansi, chinthu chimene sanachitepo ulendo usanathe, n'kufunsa kuti wabera ndani. Atauzidwa kuti palibe wabera, anakhala pasilinda pomwepo, manja m'mutu ngati wauzidwa maliro.

Msonkhano woyamba wa khonsolo yatsopano unali wofunika kuuona. Wometa tsitsi anabwera chisa chili m'thumba. Woweta nkhosa anachita kukamutenga kuphiri, atavala suti ya ukwati wake imene mabatani ake anali atasiya kudziwana, akufunsabe kuti katemera abwera liti. Mpando wa a Loya, umene lamulo limasungira wogonja kuti akhale khansala, unali wopanda munthu. Ermete anavala lamba wa umeya ngati bandeji, nalumbira ndi mawu a pansipansi, kenako anatulutsa kalata m'thumba n'kuiwerenga aliyense asanamugwire dzanja. Inali yotula pansi udindo. Anaipereka kwa mayi Iolanda, nati tsopano aitane a Loya adzatenge chawo.

Apa m'pamene zaka za panjinga zinamupusitsa. Ku mpikisano, woyamba akachotsedwa, chikho chimapita kwa wachiwiri, ndipo Ermete ankaganiza kuti dziko lonse limayenda choncho. Mayi Iolanda anavula magalasi n'kumufotokozera pang'onopang'ono ngati mwana. Meya akatula pansi, wachiwiri satenga kanthu. Khonsolo yonse imagwa, n'kubwera wongogwirizira yemwe uja. Chokhacho, lamulo limapereka masiku makumi awiri oti munthu asinthe maganizo. Tsiku lomaliza, iwo atawerenga pa kalendala, linali kutatsala masiku asanu msonkhano wa sukulu.

Delfina anati apatsidwe cholembera, mwamuna wake abweze mawu pomwepo. Ermete anapukusa mutu. Anati sangakhale pampando wa compare wake pamene mawindo a compare ali otseka. Anavula lamba, naupinda bwinobwino, n'kubwerera ku masilinda ake.

Masiku aja anathamanga. Wansembe anapita kukamupempha, n'kubwerako atakonzeredwa loko wa kutchalitchi. Mphunzitsi wa sukulu yathu anapita ndi makolo a ana. Gelsomina analengeza kuti khofi wake sagulitsidwa kwa anthu amantha, ndipo Ermete anangoti ali ndi ufulu wotero. Tonse tinamuuza kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Iye ankamvetsera mwaulemu, maso ali ofiira, n'kuyankha chimodzimodzi, kuti chisankho chija chinali cha a Loya ndipo iye anangochiononga.

Nthawi yomweyo panali ulendo wina, wa mwakachetechete, wopita kunyumba yotseka mawindo. Aliyense ankanyamula kena kake, wina tchizi, wina mazira, kukauza a Loya kuti iye yekha ndiye anawavotera, koma anthu enawa ndi osayamika. A Loya sankatuluka. Wolandira alendo anali mlongo wawo Clorinda, amene amakhala nawo, ndipo mayiyu ankachonga pakapepala aliyense wolumbira. Pofika tsiku lakhumi olumbira anali 371. Inenso ndinapita ndi botolo la vinyo. Clorinda anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, nachonga, n'kundithokoza chifukwa cha kukhulupirika kwanga.

Makoma athu ndi opyapyala, choncho zimene Delfina ankanena kunyumba tinkazimva msewu wonse. Ankamuuza kuti chifundo chimapatsa munthu mavoti makumi awiri, osati mazana awiri, ndipo anthu akudzinamiza okha kuti anamumvera chisoni, pamene mumtima akudziwa amene amabwera mpope ukaphulika. Ermete anamufunsa ngati iyeyo anavotera a Loya monga anagwirizana.

"Voti ndi yachinsinsi, iwe Ermè. Idya pasita wako."

Koma Delfina anakhala naye zaka zambiri, matenda ake ankawadziwa. Munthuyu sankasowa nzeru kapena mtima. Ankadikira wina womuuza kuti apitirire, ndipo m'tauni monse woyenera kunena mawuwo anali mmodzi, amene anali atadzitsekera. Ermete sakanapita yekha kukagogoda, manyazi ake anali aakulu. Ndiye pa tsiku la khumi ndi chisanu ndi chinayi Delfina anakumana ndi Clorinda pogula nsomba, ananong'onezana pang'ono, ndipo masana ake foni ya kushopu inalira. Gasi wa kwa a Loya watha, poto ali pamoto.

Umeya akanaukana, koma poto wa munthu ayi. Anakwera ndi silinda, nalowera khomo la kuseri, n'kupeza a Loya atakhala m'khitchini, ndevu zili nyankhalala, atavala malaya ogonera masanasana. Clorinda anatuluka n'kukhoma chitseko. Sanapite patali, ndipo n'chifukwa chake tikudziwa zonse.

Akuti Ermete anayamba walumikiza silinda, ngakhale yakaleyo inali yodzaza. Kenako anaima, chipewa chili m'manja.

"Compare, ndinakuberani chanu. Koma ine ndinavotera inu, Mulungu ndi mboni."

"Ndikudziwa. M'tauni yonse ino ndinu nokha amene ndikukukhulupirirani."

A Loya ankazunguza kapu yopanda kanthu patebulo.

"Mukuganiza kuti ndatseka mawindo chifukwa cha inu? Munapambana ndi voti imodzi, compare. Imeneyo ndi yanga."

Anafotokoza akuyang'ana kukhoma. Nawonso analowa m'kachipinda kaja n'kuona gudumu lopindikalo, nakumbukira kuti munthuyu anamulowetsa m'zimenezi ndi iwo, n'kuganiza zomupatsako imodzi kuti asachite manyazi. Akanadzichonga okha, 204 ikanakhala yawo. Masabata onsewa ankaopa kutuluka poganiza kuti zalembedwa pamphumi pawo, loya amene anakaimira mboni mdani wake pa mlandu wake womwe.

Clorinda akuti anamva phokoso limene anaganiza kuti wina akulira. Atasuzumira pakabowo anaona amuna awiri a zaka pafupifupi makumi asanu atagwirana mapewa, akuseka mpaka misozi.

Atapuma, a Loya anati m'masiku odzitsekerawo anawerenga malonjezo onse awiri, popeza analibe chochita. M'masamba awo khumi ndi anayi, sukulu anaipeza patsamba la khumi ndi chimodzi, pansi pa dziwe losambiramo, m'tauni imene theka la anthu ake amayendera ndodo. Anati anthu aja mwina sanali achifundo monga akudziyesera. Kenako anaimirira, nakonza kolala ya malaya ogonera ngati ali m'khoti.

"Mawa m'mawa mukabweze kalata ija. Sindikukupemphani, compare. Ndikukutumani."

Ermete anafunsa kuti nanga kumsonkhano akalankhula ndani, poti iye mawu a m'mabuku sawadziwa. A Loya anati a m'mabuku akanena iwo, iye akangonena zimene akudziwa.

M'mawa mwake mayi Iolanda anamupeza atakhala pasitepe ya khonsolo, ofesi isanatsegulidwe. A Loya anali atamulembera masamba awiri obwezera mawu. Mayi Iolanda anawawerenga mpaka kumapeto mwaulemu, n'kunena kuti mzere umodzi ukanakwanira. Anadinda. Gelsomina anatumiza khofi kuofesi ya meya popanda womupempha, ngakhale akuti shuga anaiwala dala.

Kuchigawo anapita atatu, meya, a Loya ndi mphunzitsi. Akuluakulu a zamaphunziro anali atayala mapu patebulo. Pamapupo, kuchokera kwathu kufika kuchigwa anali makilomita khumi ndi imodzi, ulendo wa mphindi makumi awiri, nanga vuto n'chiyani? A Loya analankhula za malamulo nthawi yaitali ndithu, mawu okoma, akuluakulu aja akuba maso kuyang'ana mawotchi. Kenako wapampando, mayi wina wowonda wa nkhope yotopa, anafunsa ngati a Meya ali ndi choonjezera.

Ermete anaimirira. Sanadziwe poyambira, ndiye anayambira pachipata cha tauni. Kona yoyamba, anati, ndi yabwino, kungoti mvula ikagwa pamatsika miyala. Yachiwiri dzuwa silifikapo kuyambira November mpaka March, madzi oundana amakhalapo mpaka masana. Yachitatu malole a matabwa amaidula pakati osaliza hutala. Yachinayi khoma lake linagwa kalekale, pansi pake pali phompho. Msewu umenewo anaupalasa zaka zoposa makumi atatu, ankadziwa dzenje lililonse ngati mano a m'kamwa mwake, ndipo manyazi anamuthera osadziwa. Atafika pa kona yachisanu ndi chinayi, wapampando anati zamveka. Ermete anapepesa n'kunena kuti zatsala makumi awiri ndi ziwiri.

Sanapemphe kuti sukulu isatsekedwe. Anangopempha mayiyo kuti asanasaine, akwereko basi ija kamodzi, pampando wakumbuyo pomwe amakhala ana aang'ono. Mphunzitsi akuti a Loya anatseka maso poganiza kuti zonse zathera pomwepo. Koma mayi uja anayang'ana mapu ake, nayang'ana munthu wa manja akudawo, n'kunena kuti abwera Lachisanu.

Anabweradi, tiwapatse ulemu wawo. Pa kona ya khumi ndi chinayi anapempha dalaivala kuti aime pang'ono, ndipo zimene zinachitika m'mbali mwa msewu dalaivalayo analonjeza kusauza munthu, n'chifukwa chake anangouza mkazi wake. Atafika pamwamba, Gelsomina anawapatsa madzi a mandimu. Anazungulira sukulu, nafunsa kuti mwana wamng'ono kwambiri ali ndi zaka zingati, n'kuuzidwa kuti zisanu ndi chimodzi. Sabata yotsatira kalata inabwera. Sukulu ipatsidwa zaka ziwiri. Ana akafika makumi awiri ikhalabe, akapanda kufika itsekedwa.

Ana asanu ndi mmodzi sagulidwa pamsika, ndipo wometa tsitsi, amene tsopano anali khansala wolankhula kwambiri, anapereka maganizo ena amene wansembe sanawakonde, komanso amene sakanathandiza m'zaka ziwiri. Meya anachita zimene ankadziwa. Nyumba za anthu a ku Belgium ndi ku Canada zinali zotseka kwa zaka, ndipo iye ankadziwa ya denga labwino ndi ya chinyontho. A Loya analemba makalata, iye n'kumaimba mafoni, kukumbutsa anthu aja za amayi awo amene ankawakwezera gasi mpaka tsiku lomaliza. Ena anakana, poti nyumba ya makolo siikhala mlendo. Asanu anatumiza makiyi. Anabwera namwino wina wa kuchigwa ndi mwana wake. Linabwera banja lochokera ku Morocco, bambo wake wogwira ntchito yodula mitengo. Anabwera mmisiri womanga wa ku Romania ndi mkazi wake ndi mapasa, anyamata amene sabata yoyamba anaswa windo la wansembe, tauni yonse n'kusangalala poti windo linali lisanaswedwe ndi mpira kwa zaka khumi. Chogwirira cha pamasitepe a kutchalitchi anamanga mmisiri yemweyo.

Si zonse zinayenda. Ena anang'ung'udza za alendo, banja lina lakwathu linasamukabe, ndipo meya sanaphunzire kulankhula pagulu mpaka lero. Pa chikondwerero amangoti zikomo pobwera, tiyeni tidye, ndipo nkhalamba zina zimati udindo wapepuka.

Tsiku loyamba la sukulu mu September 2006, mayi wa kuchigawo uja anabwera yekha pagalimoto yake, akuyendetsa ngati wanyamula mazira. Anaima pachipata ndi buku, meya ali pambali pake atavala lamba, ife tonse titayamba mwadzidzidzi kukhala ndi zochita pafupi ndi sukulu. Ana ankalowa, mayiyo akuchonga, Ermete akuwerenga ndi milomo. Anafika khumi ndi asanu ndi anayi, msewu n'kukhala mbee. Mayiyo anayang'ana wotchi. Delfina anali atayamba kale kupinda manja a bulauzi, sitikudziwa kuti ankafuna kukagwira mwana wa yani. Ndiye kumtunda kunamveka mawu a mkazi wa mmisiri akukalipa m'chinenero chakwawo, ndipo mapasa aja anatulukira akudumpha masitepe awiriawiri, buledi ali kukamwa, wina nsapato imodzi ili m'manja.

Mayi uja analemba 21, nasaina, n'kutseka buku. Anagwira chanza meya, kenako anafunsa motsitsa mawu ngati pali msewu wina wotsikira kuchigwa. Ermete anati pepani, ulipo womwewo. Anawalangiza kuti atsegule windo, aziyang'ana patali osati pafupi, ndipo pa kona yachitatu alize hutala.